Phazi Lako Lifike Pansi, Limbani

Limbani,

Moni sindikupatsa. Taonana m'mawa ndipo unangondilambalala ngati ndine firiji. Ndikulemba masana ano pa tebulo la kukhitchini, iwe uli kokatsanzika anzako ku Hillhead, zikwama zako zili mbwee pakhomo moti munthu akuchita kudumpha. Mawa teni koloko mnzako Callum abwera ndi vani kudzakutenga, iwe ndi chinjinga chako chamotocho, kupita ku ntchito yako ya m'nkhalango kumpoto uko. Ndalemba m'Chichewa dala. Ndikudziwa kuti uwerenga ukuloza liwu limodzilimodzi ndi chala, ndipo n'zimene ndikufuna, chifukwa ndikamalankhula Chingerezi umandiyankha ndisanamalize.

Ndakwiya, mwana wanga. Ndakwiya kuyambira Lamlungu ndipo sizinathe. Titachokera kutchalitchi ine ndi bambo ako, tinakupeza kuseri kwa nyumba wakwera njinga imene unakagula osauza munthu. Ndinaima ndi chikwama changa m'manja n'kumakuyang'ana. Zala za kuphazi zokha ndi zimene zimakhudza pansi, nazonso utachita kupendeketsa thako mbali imodzi. Utakhalapo ndi thupi lako lonse, kumbuyo kwa njingayo sikunatsike ngakhale pang'ono. Ndinangoti, “Limbani, njingayi yakutalikira, ndipo sipulingi yakumbuyoyi anamangira munthu wina, osati iwe.” Iwe osandiyang'ana n'komwe unati, “Mum, gonnae no? Ye don't know bikes.” Ati ndikusiye, ine njinga sindizidziwa. Callum anabisa kuseka m'kolala ya jekete. Bambo ako anayamba kuyang'ana mitambo ngati aiona koyamba.

Ndiye tamvera, iwe wodziwa njinga. Ine mayi ako ndinayendetsa njinga yamoto zaka zisanu ndi zinayi m'mapiri a ku Ntchisi. Umadziwa kuti ndinali mlangizi wa zaulimi tisanabwere kunja kuno iwe uli ndi zaka zinayi. Kodi umaganiza kuti kumidziko ndinkafika bwanji, pa sitima yapansi panthaka? Uwu umene ukuutcha masewera a m'tinjira ta m'nkhalango, ine unali ulendo wa kuntchito, mvula kaya dzuwa, thumba la mbewu lili kumbuyo. Iwe umangondidziwa ndili mu yunifolomu ya kunyumba yosamalira okalamba, ndikutsimphina kupita kokwerera basi pa Springburn Road, ndiye wandiyesa tsobola wakale. Sindinakuuzepo za njingayo, ndipo chifukwa chake uchimva kumapeto. Usadumphe masamba, ndikukudziwa.

Ku ofesi kwathu kutabwera njinga zatsopano, zinali za mitundu iwiri, zazifupi ndi zazitali. Amuna onse anathamangira zazitali. Bambo wosunga makiyi anandiyang'ana miyendo n'kunena mwaulemu kuti, “Amayi, inu tengani kakang'onoka, kakuyenerani.” Mawu akuti kakang'ono aja anandiwawa. Ndinali mkazi ndekha pa gulu lonselo ndipo ndinkafuna aone. Ndinatenga yaitali. Sabata yoyamba yomwe, ndikufika pa msonkhano wa alimi, ndinaima pa malo otsetsereka, ndinatsitsa phazi, pansi panalibe. Ndinagwa chagada pamaso pa anthu amene ndinabwera kudzawaphunzitsa, siketi m'mwamba, ndipo njingayo inadzutsidwa ndi azimayi atatu okalamba chifukwa ndekha inandikanika. Ndinachita manyazi, koma kubweza njingayo ndinakana. Ndinayenda nayo zaka zambiri ndikuima ndi chala chimodzi ngati kakowa. Make mbuu, mwana mbuu, Lamlungu lija ndinkadziona ndekha pa chishalo chako.

Pa msewu wa tala munthu amaima pamene pali posalala. M'tchire umaima kambirimbiri pa tsiku, pa mwala, pa muzu, m'mbali mwa ngalande, ndipo pansi sipakhala pamene ukupayembekeza. N'chifukwa chake njinga ya m'tchire sasankha ndi maso kapena ndi khutu. Umakhalapo, phazi limodzi lipondetse pansi bwinobwino osapendeka. Kenako umaigoneka pa udzu n'kuidzutsa wekha. Ikakukanika uli wokhuta pakhomo pa wogulitsa, sudzaidzutsa utatopa, utanyowa, ili m'matope. Iwe unayesa zimenezi? Ayi. Unamva kulira kwa injini, unaona mapulasitiki onyezimira, mtima unapita. Chikomekome cha mkuyu. Wagula ya injini yaikulu ya 450, njinga ya mpikisano, imene anaipangira kuthamanga pa bwalo ndi kudumpha zitunda. Poyenda pang'onopang'ono m'mitengo imatentha, imazima pamene sukufuna, ndipo ukangoikhudza moto pang'ono imafuna kukusiya m'mbuyo. Ukanandifunsa ndikanati tenga ya 250, yopepuka, yofatsa, imene imakhululukira munthu akalakwitsa. Koma safunsa anadya phula. Wagula, wagula. Tsopano tikonze zimene zingakonzeke, kuti phazi lako lifike pansi.

Chishalo ndachisenda kale. Inde, wamva bwino. Utangotuluka m'mawa ndinachimasula, ndinachotsa chikopa chake, ndinasenda siponji ndi mpeni wa buledi mpaka kutsika zala ziwiri, n'kubwezera chikopacho ndi kamfuti ka mawaya kamene ndabwereka kwa aneba apansi. Kwiya ngati ukufuna, tikhale okwiya awiri. Mafoloko, zitsulo ziwiri zogwira tayala lakutsogolo zija, nawo angathe kukwezedwa pang'ono m'zomangira zake kuti mutu wa njinga utsike, koma pang'ono pokha, ndipo zimenezo sindinakhudze chifukwa ziyenera kuyendera limodzi ndi kumbuyo. Buku la njingayo, limene unaliponya pa mpando osalitsegula, ndaliwerenga lonse m'basi masiku atatu. Njinga yako ndi yamakono kuposa yanga ija, sindikukana. Koma miyendo iwiri, matayala awiri ndi matope sizinasinthe.

Chaka changa choyamba ndinkaopa kuphulika kwa tayala kuposa njoka. Ndiye ndikafika pa boma ndinkapopetsa mpweya mpaka tayala kuuma gwa, ndikuganiza kuti ndachenjera. Mvula yoyamba itagwa pa katondo, njinga inayamba kuvina yokha. Ndinagwa katatu ulendo umodzi, pa njira yowongoka, popanda chondigwetsa. Ndinapita kwa a Kachingwe, amakanika amene ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika, ndikudandaula kuti njinga yandilodza. Anadina tayala ndi chala, anapukusa mutu. “Amayi, mwapopa ngati mukukasewera nayo bola. Tayala lizigwira nthaka, lisamadumphe pamwamba pake.” Anatulutsa mpweya wambiri ndithu ine ndikuwawidwa mtima, ndipo tsiku limenelo ndinafika kunyumba siketi ili yoyera.

Matayala ako ndawadina. Ndi miyala. Ukachoka pa tala tsitsa mpweya, pafupifupi theka la umene umayendera pa msewu, ndipo uziyeza ndi kachipangizo koyezera mpweya, osati ndi chala, chifukwa chala chako si cha a Kachingwe. Usatsitsenso mopitirira, ukagunda mwala limu idzatsina chubu ndipo udzakankha. Kanati kamene kamagwira tayala ku limu kuti lisazungulire palokha, ka kumbuyo n'kolefuka, ndakagwedeza ndi zala. Tayala lakumbuyolo mano ake atha mbali imodzi, wokugulitsayo anakuonetsa mbali yabwino. Usanalowe m'tchire ugule lina la matope. Kumene ukupitako mvula siipuma, mizu yonyowa imaterera kuposa therere, ndipo pali malo obiriwira bwino ngati kapinga wa pa tchalitchi amene pansi pake ndi chithaphwi chomeza njinga mpaka chishalo. Ukakayika, tsika, yenda ndi miyendo, baya ndi ndodo. Palibe amene adzakuseke, kulibe anthu.

Ndinalinso ndi matenda omangitsa. Chilichonse chokhala ndi nati ndinkachikoka ndi sipanala mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka. Tsiku lina ndinagwa kugwa kwachibwana, pa mchenga, osapweteka paliponse. Podzuka ndinapeza kachitsulo ka kilatchi kathyoka, kali m'dothi. Ndinakankha njinga ija kukwera phiri kuyambira masana mpaka nkhuku kulowa, ndikutukwana aliyense amene ndinamukumbukira. A Kachingwe atamva anaseka mpaka kutsokomola. “Mukanamanga mwachifundo, kakanangotembenuka, mukanakabweza ndi dzanja.” Ndiye iwe, zomangira za kilatchi ndi buleki pa handulo uzimange zogwira ndithu, koma moti ukazimenya ndi chikhatho zizitha kutembenuka. Uziweramitsenso pang'ono, chifukwa m'tchire umayenda utaimirira pa zopondera, ndipo dzanja liyenera kuwongoka, osati kupindika ngati ukupempha. Ugule zotchinga manja zija zachitsulo. Mitengo ya kumeneko sidzakupatukira.

Zina ndingokuuza mwachidule chifukwa dzanja layamba kuwawa. Tcheni chisakhale chokungika ngati chingwe cha gitala, kumbuyo kukatsika chimafuna mpata, ndipo muyeso wake uli m'buku lija pa tsamba limene ndapinda. Masipoko uziwagogoda ndi sipanala limodzilimodzi, lolira mosiyana ndi anzake ndiye lolefuka. Siponji yosefa mpweya ndaitulutsa, inali youma ndi yakuda ngati pansi pa mphika. Ndaichapa, ili pa chingwe m'bafa, uipake mafuta ake isanabwerere. Oyilo wa njinga ya mpikisano sachedwa kutha mphamvu, amawerengera maola, osati miyezi. Chipewa, jombo zenizeni za njinga, zoteteza maondo, uzivala ngakhale ukungopita pafupi. Ndipo uziyenda pokhapo pamene eni malo akuloleza. Ufulu wa kuno woyenda paliponse ndi wa miyendo ndi njinga zakapalasa, si wa injini. Ndikadzamva kuti wasanduka ngati anyamata aja amene amalima kapinga wa m'paki kuno ndi njinga zawo apolisi ali pambuyo, usadzandiimbire.

Tsopano khala pansi, ndikuuze za bondo langa.

Kuyambira uli wamng'ono ndakhala ndikukuuza kuti ndinavulala pa netiboli. Linali bodza. Ine netiboli sindinaseweko, ndi msinkhu uti? Njinga yanga yoyamba itatha anandipatsa ina, yaitali ngati yomweyo, imene ankayendera mnzathu wina, bambo wamkulu thupi amene ankanyamula matumba awiri kumbuyo. Sipulingi yake anali ataimanga mpaka kumapeto. Ine ndikakhalapo siinkatsika, ndipo pa mabampu kumbuyo kunkandimenya ngati bulu. A Kachingwe anaona ndikudutsa, anandiimitsa. “Amayi, njingayi sikukudziwani. Mubwere Lachisanu mudzakhalepo, ine ndiyeze, tiimasule. Ndekha sindingathe, pamafunika mwini wake.” Ndinati ndamva. Lachisanu linadutsa, lina linadutsa, ine ndili ndi misonkhano. Nthawi imeneyo n'kuti ndili ndi pakati pa miyezi isanu. Bambo ako anandipempha kuti ndisiye njinga, anachita kundigwira dzanja. Ndinawayankha kuti iwo njinga sazidziwa.

Tsiku limenelo ndinasintha njira osauza munthu, ndinadzera yachidule yotsikira ku kamtsinje. Sindinkathamanga. Tayala lakumbuyo linagunda mwala, sipulingi youma ija inandiponya m'mwamba, njinga inapendekera kumunsi. Ndinatsitsa phazi lamanzere kufuna pansi. Pansi panalibe. Njinga yonse inagwera pa bondo langa ndipo ndinalimva likuthyoka.

Ndinagona pamenepo kuyambira chakumasana mpaka dzuwa kupendeka. Kuidzutsa sindikanatha, ndinali nditadziwa kale zimenezo kuyambira sabata yoyamba ija. Ndinakuwa mpaka mawu kutha. Ku ofesi ankadziwa kuti ndili ku mudzi wina, bambo ako ankadziwa kuti ndili ku ofesi. Koma bondo silinali kanthu, Limbani. Iwe unali utayamba kugunda m'mimba masabata awiri m'mbuyomo, ndipo nditagwa unangoti zii. Ndinaika dzanja pamimba, ndikupempha Mulungu, ndikukupempha iwe, ndikuti limba mwanawe, limba, mayi ako ndi chitsiru koma iwe limba. Anandipeza ndi mayi wina wochokera kotola nkhuni, amene anataya mtolo wake n'kuthamangira anthu. Unagundanso m'mawa wa tsiku lotsatira ndili m'chipatala, ndipo namwino anachita kundigwira kuti ndisadzuke ndi mwendo wothyoka. Dzina lakoli anakupatsa ndi bambo ako atamva zimene ndinkanena ku kamtsinjeko. Njinga sindinaikwerenso. Zithunzi zake ndinang'amba, ndipo ndinawalumbiritsa bambo ako kuti asadzakuuze, chifukwa ndinkachita manyazi kuti ndinatsala pang'ono kukupha chifukwa cha Lachisanu limodzi.

Ndiye ukamati sunagwepo pa njinga, ukunama. Unagwapo kamodzi, ndipo ndinakugwetsa ndine. Lamlungu lija nditaona kumbuyo kwa njinga yako kusakutsika, zala zako zikufufuza pansi, ndinadzionanso ndili ku kamtsinje kaja. Wokugulitsayo sindinamuone, koma sipulingi yake yandiuza kuti ndi chimunthu chachikulu kukuposa kutali. Iwe watengera ine, miyendo yaifupi ndi mutu wouma. Ndili ndi mantha, mwana wanga, ndipo mantha anga akamatuluka amatuluka ngati ukali. Kumene ukupitako foni siigwira m'zigwa, ndipo kulibe mayi wotola nkhuni. Usamapite wekha. Zikavuta kuti upite wekha, uza munthu njira yako ndi nthawi yobwerera, ndipo njirayo usaisinthe ngakhale yachidule ikukuitana ndi dzina. Wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu. Ine yanga ndikuyenda nayo m'bondo mpaka lero, nyengo yozizira ya kuno ikafika imandikumbutsa pa sitepe iliyonse.

Sipulingiyo sindinaikhudze, chifukwa a Kachingwe ananena zoona, pamafunika mwini wake. Timayamba takweza njingayo pa kampando tayala lakumbuyo lili lende, n'kuyeza kuchoka pa nati ya pakati pa tayala kufika pa kadontho kamene ndalemba kale pa pulasitiki yakumbuyo. Kenako timaitsitsa, iwe n'kukwerapo utavala zonse, chipewa, jombo, chikwama chako cha kumsana chili ndi madzi ndi zitsulo, mapazi onse pa zopondera, wina atagwira njinga kuti isagwe. Timayezanso. Iyenera kutsika pafupifupi masentimita khumi, buku lako likutero. Ikakana, timamasula mphete ya pamwamba pa sipulingi pang'onopang'ono mpaka ikudziwe. Ikakanabe titamasula, ndiye kuti sipulingiyo ndi ya munthu wina basi, ugule yofewa, ndipo m'tchire usalowe isanafike. Ntchito yonseyi siitha ngakhale ola limodzi. Wekha sungaichite, Callum sangaichite, amene uja sadziwa kusiyanitsa sipanala ndi supuni.

Ndikuuze chilungamo. M'mawa uno ndinachotsa kiyi wa loko wa njingayo pa msomali n'kumuika m'chikwama changa cha kutchalitchi, ndipo ndinali nditatsimikiza kuti sumuona mpaka utandipepesa. Bambo ako anandiona. Anangoti, “Inunso akanakubisirani kiyi, mukanamva?” Ndinawakalipira, koma ananena zoona. Kiyiyo ali m'envelopu muno, wamumva kulemera potsegula. Ndiwe wamkulu, ndipo kupepesa kwako sindikukufunanso, khala nako. Ukafuna, mawa kweza njinga yako m'vani mmene ililimo, undibayibitse pa windo.

Koma ine eyiti koloko ndikhala ndili kuseri kwa nyumba, mvula kaya ayi. Kuntchito ndapempha kale kuti ndilowe masana. Bambo ako avomera kugwira handulo. Ndatenga tepi yanga yosokera, ija ndinkakuyeza nayo mathalauza a sukulu n'kumapinda miyendo chaka ndi chaka. Kuti ndiwerenge bwino manambala ndiyenera kugwada pansi pa simenti pafupi ndi tayala. Bondo limeneli silinagwadepo zaka makumi awiri ndi ziwiri, ngakhale m'tchalitchi abusa amadziwa kuti ine ndimapemphera chokhala. Kwathu mwana ndiye amagwadira kholo, koma mawa ndigwada ndine, iwe uli pamwamba. Kugwadako ndigwada ndekha. Kudzuka sindingathe, ndipo bambo ako manja awo adzakhala ali pa handulo. Udzachita kutsika pa njingayo, kuponda pansi ndi mapazi ako onse awiri, n'kundidzutsa.

Ukapanda kubwera, ndikhala pomwepo mpaka nditamva vani ikunyamuka.

Ndine mayi ako, wokwiyabe,
Nabanda

Mpeni wa buledi wabuntha. Ugule wina ukalandira malipiro oyamba.